Ntchito za Pulofesa Chiwoza Bandawe tikaziwerengera pagombe la Salima

Chaka chimene ndinkasonkhanitsa mayankho a kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri, ndinakhala masabata angapo pasukulu ina ya pulayimale yomwe ili pafupi ndi nyanja m'boma lino la Salima. Ndinali ndi fomu ya mafunso okhudza likodzo. Ana a sitandade 6 ndi 7 ankayankha bwino kwambiri moti mtima wanga unkachita kuti myaa. Ankadziwa kuti tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono, kuti timalowa kudzera pakhungu, ndiponso kuti kukodzera m'madzi kumafalitsa matendawa. Pa funso lakuti ngati akufuna kusiya kusamba m'madzi omwe muli nkhono, pafupifupi onse anati inde. Tsiku lina ataweruka, ine ndi mlangizi wa zaumoyo wa deralo tinatsikira kugombe kukagula usipa. Tinawapeza ana omwewo, mayunifolomu ali pamchenga, eni ake ali m'madzi olekeza m'khosi. Mnyamata wina yemwe anakhoza mafunso onse atandiona sanathawe. Anangoti, "Madamu, nanga tizikasamba kuti?"

Funso limeneli ndi lomwe linandichititsa kuwerenga zolemba za Pulofesa Chiwoza Bandawe motsatizana, kuyambira zakale kufika zaposachedwa. Ambiri a inu mumawadziwa a Bandawe. Ndi katswiri wa za maganizo a munthu, clinical psychologist pa Chingerezi, ndipo aphunzitsa kwa zaka zambiri ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu yomwe kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Kwa nthawi yaitali anali mmodzi mwa Amalawi ochepa kwambiri a ntchito imeneyi. Atolankhani akafuna womasulira chifukwa chake anthu akudzipha kapena chifukwa chake mabanja akutha, kawirikawiri amathamangira kwa iwo. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti digiri yawo ya udokotala wa maphunziro, ya ku University of Cape Town, inali ya kafukufuku wa likodzo pakati pa ana a sukulu za kumidzi kuno ku Malawi. Njira imene ine ndinkapunthwamo, iwo anaidutsa ine ndili wakhanda.

Ndinene maganizo anga poyamba pomwe, kuti wotsutsa adziwe potsutsa. Ulendo wa a Bandawe ndi wochoka pa munthu mmodzi ndi zimene zili m'mutu mwake, kupita kwa munthu ali pakati pa anzake. Ndikuona kuti analowera koyenera. Koma ulendowu usanathe, muyeso unatsalira m'mbuyo, ndipo ife amene timakonda kutchula dzina lawo sitinabwerere kukautenga.

Tiyambe ndi pepala la mu 1996, lomwe analemba ndi Don Foster wa ku Cape Town ndipo linatuluka m'magazini ya kafukufuku ya AIDS Care. Linkafufuza zikhulupiriro, maganizo ndi zolinga za ophunzira a m'sukulu zitatu za sekondale pa nkhani ya Edzi. Kumbukirani nyengo yake. Munthu woyamba kupezeka ndi matendawa m'dziko muno anapezeka mu 1985, ndipo ma ARV aulere m'zipatala za boma anayamba mu 2004. Pakati pa zaka zimenezi chida chachikulu chinali pakamwa: kuuza anthu, kuwachenjeza, kupachika mapositala. Ndipo m'zaka zambiri za ulamuliro wa chipani chimodzi nkhani zogonana sizinkakambidwa poyera. Kuti Mmalawi wachinyamata apite m'makalasi n'kufunsa mwadongosolo zimene achinyamata anzake akuganiza za kondomu ndi za kukhala ndi bwenzi limodzi, inali ntchito yofunika. Uphungu wambiri wa nthawi imeneyo unkangoganizira zimene achinyamata amakhulupirira, osawafunsa eni ake.

Chida chomwe anagwiritsa ntchito chinali chiphunzitso cha akatswiri awiri a ku America, Martin Fishbein ndi Icek Ajzen, cha m'zaka za m'ma 1970. Mwachidule chimati munthu amachita chinthu chifukwa watsimikiza mumtima kuchichita, ndipo kutsimikizako kumachokera ku zinthu ziwiri: mmene iye mwini akuchionera chinthucho, ndi zimene akuganiza kuti anthu ofunika kwa iye akuyembekezera. Ukayeza ziwirizi, umatha kulosera cholinga chake. Ubwino wa chiphunzitsochi ndi woti chimayezeka. Umatha kulemba mafunso, kuwerengera mayankho, n'kuona ngati uthenga wako uyenera kulunjika kwa wophunzira mwini kapena kwa anzake ndi makolo ake. Fomu yanga ya likodzo inali mdzukulu wa chiphunzitso chomwechi, ngakhale kuti poilemba sindinkadziwa.

Vuto lake eni ake omwe analivomereza. Chiphunzitsochi chimagwira bwino pa zinthu zimene munthu ali ndi mphamvu yosankha. N'chifukwa chake Ajzen pambuyo pake anawonjezera mbali yachitatu, yoona ngati munthuyo akudziona kuti angathe kuchita chinthucho. Mtsikana angathe kutsimikiza ndi mtima wonse kuti agwiritsa ntchito kondomu, koma wovala kondomuyo ndi wina, ndipo mwina ndi amenenso akumulipirira fizi. Komanso ophunzira a sekondale a m'zaka zimenezo anali kagulu kochepa kosankhika, odziwa kulemba mayeso ndi kuzindikira yankho lomwe wofunsa akulifuna. Pepala la 1996 limatiuza zimene anatsimikiza mumtima. Silikanatha kutiuza zimene zinachitika teremu itatha. Ichi sicholakwa cha olemba ake, ndi malire a chidacho, koma malire amenewa timawaiwala chaka ndi chaka tikamalemba malipoti akuti anthu ochuluka chonchi "asintha khalidwe" pamene chomwe tayeza ndi mayankho a pafomu.

Kenako kunabwera likodzo. Mutu wa kafukufuku wawo wa ku Cape Town umanena za ntchito yophunzitsa ana a sukulu za kumidzi za matendawa, ndipo umathera ndi mawu onena za maphunziro amene anatolapo. A Bandawe sanali okha pa njira imeneyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku Chancellor College kunali Alastair Ager, Stuart Carr ndi Malcolm MacLachlan, amene anafufuza mmene anthu amamvetsera malungo, likodzo ndi matenda ena, kuphatikizapo kwa Mponda ku Mangochi. Chimodzi mwa zomwe gulu limeneli linaonetsa n'chakuti Mmalawi angathe kuvomereza zonena za kuchipatala ndi za makolo nthawi imodzi popanda kuona kuti zikutsutsana. Aliyense wa inu amene anaonapo mayi akumwetsa mwana LA kwinaku mwanayo ali ndi mphini zatsopano pachifuwa safunika kuuzidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti a Bandawe sanangofunsa zimene anthu amakhulupirira. Anayesa kulowererapo, ndipo anali mwana wa dziko lomweli, woti kafukufuku akatha sakwera ndege.

Palibe matenda amene amayesa chiphunzitso cha kutsimikiza mumtima mopanda chisoni ngati likodzo. Taganizani kayendedwe kake. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono za mtundu wa Bulinus, timachulukana, kenako timatuluka n'kuboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo. Praziquantel amapha nyongolotsi zazikulu zomwe zili m'thupi, koma sateteza munthu kuti asatengenso. Mwana amene wamwa mankhwala Lachiwiri angathe kutenganso tizilombo Loweruka. Tsono wodziteteza yekha saliko. Thanzi la mwana wanga lili m'chikhodzodzo cha mwana wa mnzanga, ndi cha msodzi amene wafika usiku kuchokera kutali. Ndiye yang'anani moyo wa kuno kwathu. Mayi wa ku Senga Bay amachapa ndi kutsuka mbale kunyanja chifukwa pamjigo pali mzere, kapena mjigowo unafa. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu amaima m'madzi tsiku lonse nthawi yowokera. Wokoka khoka ku Chipoka sangakoke ali pamtunda. Kuuza anthu amenewa kuti apewe madzi n'chimodzimodzi kuwauza kuti apewe nsima.

Palinso zina zomwe sizili m'mutu mwa munthu aliyense. Jay Stauffer ndi Henry Madsen, amene afufuza kwa zaka zambiri ku Cape Maclear, anagwirizanitsa kuchuluka kwa nkhono zofalitsa likodzo ndi kuchepa kwa nsomba zimene zimadya nkhonozo chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Mu 2017 ofufuza anapeza nkhono za mtundu wina, Biomphalaria pfeifferi, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndipo pamodzi nazo panapezeka likodzo la m'matumbo pakati pa ana a sukulu. Sekeleghe Kayuni ndi anzake aonetsa kuti asodzi a ku Mangochi komweko amapezeka ndi mazira a likodzo mu umuna, vuto limene amuna ambiri sangalinene pagulu. Fomu yofunsa mwana wa sitandade 6 zolinga zake singafike pa zinthu ngati zimenezi.

Ndikawerenga zolemba zotsatira za a Bandawe, ndimaona munthu amene wazindikira kuti chida chake chikuyang'ana malo ochepa. Mu 2005 anatulutsa pepala m'magazini ya Higher Education Policy, lomwe mutu wake ukunena za maphunziro a za maganizo ofululidwa mu mphika wa ku Africa kuno. Mu 2010 kunabwera buku lawo lotchedwa Practical uMunthu Psychology. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti maphunziro a za maganizo amene tinalandira kuchokera ku Ulaya ndi ku America amayambira pa munthu payekha, ngati kuti iye amayamba wakhalapo ndipo achibale amabwera pambuyo. Kwathu kuno munthu amakhala munthu chifukwa cha anthu ena. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Munthu akachita zankhanza timati alibe umunthu, kapena timangoti si munthu ameneyu, ngakhale ali ndi mutu ndi miyendo. Ngati zili choncho, nkhawa, manyazi, kulimba mtima ngakhale kuchira sizingamvetseke poyang'ana munthu mmodzi yekha.

Maganizo amenewa sanayambe ndi iwo. Akatswiri a zaumulungu ngati Augustine Musopole ndi Harvey Sindima anali atalemba kale za umunthu, ndipo ku Cameroon Bame Nsamenang ankatsutsa kale zoti kakulidwe ka mwana wa ku Africa kaziyezedwa ndi muyeso wa ku Ulaya. Chimene a Bandawe anachita ndi kulowetsa nkhaniyi m'kalasi ya ophunzira udokotala, malo amene mawu ngati amenewa sankamveka. Ndipo anachita izi dziko lonse lisanadzidzimuke. Munali mu 2008 pamene Jeffrey Arnett anawerengera n'kupeza kuti anthu 96 mwa 100 aliwonse ofufuzidwa m'magazini otchuka a za maganizo anali ochokera kumayiko olemera a azungu, kumene kumakhala anthu pafupifupi 12 okha mwa 100 aliwonse a dziko lapansi.

Kwa ife ogwira ntchito m'midzi, mfundo imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku. Wodwala safika kuchipatala yekha, amafika ndi womudikirira, ndipo amene wavomereza kuti abwere mwina ndi malume ake omwe atsala kumudzi. Tsiku logawa praziquantel kusukulu, chomwe chimachititsa kuti ana amwe si zimene aphunzira m'kalasi. Ndi zimene amayi anamva pamjigo za mwana amene anachita chizungulire chaka chatha atamwa mankhwalawa ndi njala, ndi zimene anena a mfumu, a shehe ndi abusa, ndiponso ngati kunyumba kunaphikidwa phala m'mawa umenewo. Mlangizi wodziwa ntchito amayambira kwa anthu amenewa sabata yathunthu mankhwala asanafike. Sanawerenge buku la 2010, koma akuchita zomwe bukulo likunena. Phindu la bukuli kwa ine linali kundipatsa chilolezo cholemba zinthu zimenezi mu lipoti la kafukufuku monga zenizeni, osati monga zosokoneza.

Salima ili ndi chitsanzo chake chomwe sitifunika kuchibwereka. Chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, chimatsekedwa kwa asodzi chaka chilichonse m'miyezi ya dzinja, ndipo mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba ndi juga. Asodzi ochokera m'maboma osiyanasiyana amamvera, ndipo wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Palibe amene anagawa fomu yofunsa msodzi aliyense ngati watsimikiza mumtima kusiya kupha utaka nthawi yoswana. Khalidwe la anthu ambirimbiri linasintha chifukwa panali mgwirizano, mtsogoleri womveredwa, phindu looneka ndi maso, komanso chilango. Amene akufuna umboni woti a Bandawe analoza koyenera apite ku Chikombe tsiku lotsegulira chilumbachi. Koma akafika aonenso kuti malamulo omwewo saloleza amayi kuponda pachilumbapo. Ndibwereranso ku mfundo imeneyi.

Dandaulo langa loyamba ndi la muyeso. A Bandawe a 1996 anali ndi mafunso, manambala ndi njira yoti wina angathe kubwereza n'kuwatsutsa. A Bandawe a 2005 ndi 2010 ali ndi mfundo yozama kuposa yoyambayo, koma yaperekedwa ngati chiphunzitso ndi malangizo a moyo. Buku la malangizo lili ndi ntchito yake, ndipo sindikuliweruza chifukwa chosakhala lipoti la kafukufuku. Koma unduna ukamasankha kumene ndalama zochepa zipite, umafunsa kuti njira iyi inayesedwa pa anthu angati, poyerekeza ndi iti, ndipo chinasintha n'chiyani.

Tayerekezani ndi zomwe zinachitika ku Zimbabwe. Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anatenga mawu a Chishona akuti kufungisisa, omwe ndi ofanana ndi kuganiza kwambiri kwathu kuno. Anaphunzitsa amayi achikulire ogwira ntchito zaumoyo m'madera kuti azikhala pabenchi kunja kwa kiliniki n'kumathandiza munthu kusanthula mavuto ake limodzilimodzi, pa maulendo asanu ndi limodzi. Kenako anaiyesa njirayo m'makiliniki 24 a mu Harare pa anthu 573, ndipo zotsatira zinatuluka mu JAMA mu 2016. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa omwe anakhala pabenchi pafupifupi 14 mwa 100 ndi amene anali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pamene mwa anzawo a gulu linalo anali pafupifupi theka. Friendship Bench ili ndi fungo la umunthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo lero yafika m'mayiko ambiri, kuphatikizapo m'zipatala zina za kuno ku Malawi. Zimandiwawa pang'ono kuti tinachita kuitanitsa kuchokera ku Harare chinthu chimene mfundo zake zinali zitalembedwa kale ku Blantyre. Chibanda anapambana chifukwa anasandutsa mfundo kukhala ntchito yoti munthu angaphunzitsidwe m'masiku owerengeka, n'kuiika pa sikelo.

Pali ena amene ayesa kuyenda mtunda wotsalawu. Jerome Wright wa ku University of York, pamodzi ndi Felix Kauye ndi anzawo, anaphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'boma la Zomba za thanzi la m'maganizo, ndipo pambuyo pake Wright ndi Janaka Jayawickrama analemba pepala lofufuza mmene umunthu umaonekera pa ntchito ya alangizi amenewa. A Bandawe eni ake alembanso limodzi ndi Demoubly Kokota ndi Robert Stewart za mmene asing'anga ndi a chipatala angagwirire ntchito limodzi posamalira odwala matenda a maganizo. Apa mfundo ija ikukhudza nthaka. Komabe ntchito zotere zimatiuza zimene anthu akunena ndi kuchita, ndipo funso loti wodwala amachira msanga kapena ayi limafuna kafukufuku wa mtundu wina.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera kwa ine. Umunthu tikamaukamba m'misonkhano umakhala wokoma mbali zonse: kugawana, kupepesana, kulira maliro limodzi. Koma gulu lomwe limanyamula munthu ndi lomwenso limamupsinja. Boma litaletsa azamba kubereketsa mu 2007, mafumu ambiri anaika malamulo olipitsa mayi wochirira kunyumba kapena panjira. Amayi ochirira kuchipatala anachuluka, koma mbuzi kapena ndalama ya chindapusa imatuluka m'nyumba yomwe inalephera kupeza ya kabaza. Mudzi womwewo umene umasonkha ufa pamaliro ndi umene umaloza chala agogo kuti ndi mfiti mwana akadwala khunyu. Mtsikana amene akutuluka magazi kumaliseche chifukwa cha likodzo amabisa, poopa kuti anthu anena kuti ndi matenda opatsirana pogonana. Kwa iye mankhwala oyamba ndi chinsinsi, chinthu chimene moyo wa pamudzi supereka mosavuta. Richard Tambulasi ndi Happy Kayuni analemba mu 2005 za mmene andale athu anagwiritsira ntchito mawu okoma a umunthu pa zinthu zosemphana ndi ulamuliro wabwino. Wina angayankhe kuti zonsezi si umunthu weniweni koma kusowa kwake. Yankho limeneli ndi losavuta kwambiri. Ngati chabwino chilichonse tichitcha umunthu ndipo choipa chilichonse tichitcha kusowa kwa umunthu, ndiye kuti mfundoyo singalakwe, ndipo mfundo yosatheka kulakwa singatithandize kusankha chochita Lolemba m'mawa. Ndikanakonda katswiri wa msinkhu wa a Bandawe atalemba mwatsatanetsatane za nthawi imene wazaumoyo ayenera kuima ndi munthu mmodzi motsutsana ndi banja lake lomwe. Amayi oletsedwa ku Mbenji aja ndi amene amayanika ndi kugulitsa nsomba zochokera kumeneko, ndipo ndimafuna nditadziwa ngati anafunsidwapo.

Ndiwonjezere kanthu kena kamene kamaoneka bwino ukakhala kunyanja. Chiphunzitso cha umunthu chimaganizira mudzi wokhazikika, kumene aliyense amadziwa agogo a mnzake. Gombe si mudzi wotero. Usipa ukagwa, pamadzaza Atonga, Ayao, Achewa ndi Atumbuka, ogula nsomba ochokera ku Lilongwe, anyamata aganyu ogona pansi pa thandala. Mwezi ukawala kapena mwera ukavuta, ambiri amasamuka. Mnyamata wokoka chilimira ali ndi anthu ake, koma si a mfumu a mudzi wapafupi. Ndi mwini boti, siginala, ndi anzake a m'boti momwemo. Amene akufuna kuti asodzi amwe praziquantel kapena asadumphe ma ARV ayenera kufunsa kaye kuti gulu la munthu ameneyu ndi liti mwezi uno. Mfundo ya a Bandawe imatitsogolera ku funso limeneli, koma yankho lake tiyenera kulifufuza tokha, gombe ndi gombe.

Nanga mphamvu ya ntchito zawo tiiyeze bwanji? M'sukulu za ukachenjede timawerenga kuti pepala la munthu latchulidwa kangati ndi ofufuza ena. Muyeso umenewu umakondera amene ali m'magulu akuluakulu a kafukufuku wa HIV ndi malungo, kumene kuli ndalama zakunja ndipo pepala limodzi limakhala ndi olemba makumi awiri. Munthu amene kwa zaka zambiri ankaphunzitsa, kuona odwala, kuyankha atolankhani komanso kutsogolera Malawi Medical Journal monga mkonzi wamkulu sangapikisane nawo pa mpikisano umenewo, ndipo kumuyeza motero n'kulakwitsa. Mphamvu yawo yaikulu ili mwa madokotala amene anadutsa m'kalasi mwawo n'kuphunzira kufunsa wodwala kuti kunyumba kuli bwanji, ndiponso mwa Amalawi wamba amene anamva koyamba pawailesi kapena kuwerenga m'nyuzipepala kuti kuvutika maganizo ndi matenda oti munthu angathandizidwe. Zimenezi Google Scholar siwerenga. Ntchito ya ukonzi nayonso ndi yosaoneka. Ofufuza achinyamata ambiri a dziko lino pepala lawo loyamba limatulukira m'magazini imeneyi, ndipo kuti magazini ya kwathu ikhalebe ndi moyo pamafunika wina wowerenga zolemba zosapsa usiku.

Koma pali chodabwitsa chimodzi chomwe sindingachilambalale. Mapepala ndi buku zomwe ndatchulazi zili m'Chingerezi. Chiphunzitso chimene dzina lake ndi la Chichewa, chimene chimati nzeru zili kale mwa anthu, chimafika kwa mlangizi wa ku Khombedza kapena wodzipereka wa ku Maganga kudzera mwa mphunzitsi wa pa semina amene wachidula kukhala mawu awiri a pa projekita. Chifukwa chake n'chodziwika: wofufuza amakwezedwa pantchito ndi zolemba za Chingerezi. Koma zotsatira zake n'zakuti anthu amene angathe kutsutsa chiphunzitsochi mozindikira, chifukwa amachiona chikugwira ndi kulephera tsiku lililonse, sanapatsidwe mpata wochiwerenga. Pamenepa ifenso ofufuza achinyamata tili ndi mlandu. Timaika mawu akuti umunthu m'ndime yoyamba ya pempho la ndalama, timatchula Bandawe 2005, kenako timatulutsa fomu yomwe ija yofunsa munthu mmodzimmodzi. Ine ndinachita zimenezi.

Kafukufuku amene akusowekayu sakufuna ndalama zoopsa. Magombe ndi midzi ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima ingathe kugawidwa mwamaere m'magulu awiri nthawi yogawa praziquantel. Gulu lina lilandire uthenga monga mwa masiku onse. M'gulu linalo ntchito iyambire kwa eni maboti, makomiti a m'magombe aja timawatcha ma BVC, anankungwi, a mipingo ndi a mizikiti, ndipo anthu eni ake agwirizane za phala la tsiku la mankhwala, za chimbudzi cha pagombe ndi za amene akonze mjigo. Tisayeze zolinga. Tiyeze amene amezadi mankhwala, ndi mazira mu mkodzo pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndiponso pakatha chaka. Tiwerengenso amene asiyidwa kunja, amene alipitsidwa, ndi amene achititsidwa manyazi pagulu, chifukwa popanda zimenezi tidzangoona mbali yokoma. Zotsatira zingathe kusonyeza kuti palibe kusiyana, ndipo tiyenera kukhala okonzeka kulemba zimenezo.

Nditamufotokozera maganizo amenewa mlangizi uja tinali naye kugombe, anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundifunsa kuti mu kafukufukuyo ndaikamo ndalama ya ziwiya za mjigo kapena ayi. Ndinati ayi, chifukwa opereka ndalama za kafukufuku salipira zomangamanga. Iye anati, "Ndiye achemwali, mukayambe mwakambirana ndi a komiti ya mjigo. Mukapanda kutero magulu anu onse awiri akasamba malo amodzi." Pempho lija ndikulilembanso, ndipo komiti ya mjigo tsopano ili pa tsamba loyamba.